Chitsulo Chimene Chimaphimba Maso a Dokotala

Usiku wopanda mwezi, munthu akaima pagombe la ku Nkhotakota ndi kuyang'ana chakum'maŵa, amaona nyali zambirimbiri zitandandalikana panyanja ngati mudzi woyandama. Zimenezo ndi nyali za asodzi a usipa. Siginala amene amakhala m'bwato la nyalizo amadziŵa chinthu chimodzi chimene anthu a kumtunda sachidziŵa, chakuti nyali imene imaitana nsomba ndi yomweyonso imene imathobwa m'maso. Akayang'anitsitsa pamene kuŵala kwagunda madzi saona kanthu koma kunyezimira, ndipo pambali pa kunyezimirako pamakhala mdima woposa wa pena paliponse. Kuti aone nsomba ayenera kutchinga maso ndi dzanja, kapena kuyang'ana chakumbali.

Vuto longa lomweli amakumana nalo madokotala ndi akatswiri ojambula za m'thupi pamene agwiritsa ntchito makina otchedwa CT. Makinaŵa amaonetsa za m'kati mwa munthu bwino lomwe, kotero kuti dokotala angathe kuloŵetsa singano yaitali mpaka pachotupa chobisika m'mapapo kapena m'chiŵindi popanda kung'amba thupi. Koma pamene pali chitsulo, chithunzi chimaŵala mothobwa m'maso, ndipo mizere yoyera ndi yakuda imatuluka pachitsulocho ndi kuphimba malo enieni amene dokotala afuna kuona. Chodabwitsa n'chakuti singano imene dokotalayo wagwira m'manja nayonso ndi chitsulo. Akatswiri ali nazo njira zochepetsera vutoli, koma njirazo sizikwanira ngati wodwala mwini wake sachitapo mbali yake.

KODI SINGANO IMAFUNIKIRANJI?

Msodzi wa ku Chia angakhale akutsokomola miyezi itatu, makhololo ake nayesedwa osapezekamo tizilombo ta chifuŵa chachikulu, koma X-ray n'kuonetsa mthunzi m'phapo limodzi. Mlimi wa mpunga wa m'dambo la Bua angatupe kumanja kunsi kwa nthiti, kumene kuli chiŵindi. Chithunzi chimangonena kuti pali kanthu, sichitchula dzina la kanthuko. Mwina ndi chifuŵa chachikulu chobisala, mwina ndi thumba la mafinya, mwinanso ndi khansa, ndipo lililonse la matenda atatuŵa lili ndi mankhwala akeake. Kupatsa munthu mankhwala a chifuŵa chachikulu miyezi isanu ndi umodzi pamene iye ali ndi khansa ndiko kumtayitsa nthaŵi imene sadzaipezanso.

Njira yotsimikizika yodziŵira ndiyo kutapako timadzi kapena kanyama kakang'ono pachotupacho ndi kukakayesa. Kale zimenezi zinkafuna opaleshoni yaikulu. Masiku ano singano imakwanitsa ntchitoyo, wodwala ali maso, atangobayidwa mankhwala ochititsa dzanzi pakhungu. Kanyamako kamatumizidwa kwa akatswiri oyesa ziŵalo, monga a kulabotale imene inatsegulidwa pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe m'chaka cha 2011.

M'Malaŵi muno singano zotere kaŵirikaŵiri zimatsogoleredwa ndi sikani, yomwe ija amaunikira amayi oyembekezera. Sikaniyo njabwino, pakuti ilibe cheza cha X-ray ndipo imapezeka m'zipatala za m'maboma. Koma siona kupyola mpweya kapena fupa. Chotero chotupa chikakhala m'kati mwa phapo, pamsana, kapena kuseri kwa matumbo, pamafunika CT, imene imapezeka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndiponso m'zipatala zina zolipira. Wodwala wa ku Dwambazi, ku Benga kapena ku Mwansambo amayamba wapita kuchipatala chaching'ono cha kwawo, kenaka kuchipatala cha boma kapena cha St Anne's pa Nkhotakota, asanatumizidwe ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 200 podzera ku Salima. Ulendo wotere umadya ndalama ya mpunga kapena ya nsomba za nyengo yathunthu, poŵerengera ndi womdwazika. N'chifukwa chake chithunzi chikaonongeka, si chithunzi chokha chimene chatayika.

MPHETE YA M'CHITHUNZI CHOYAMBA

Chitsulo ndi X-ray zinakumana tsiku loyamba lomwe. Wilhelm Röntgen, mphunzitsi wa sayansi mumzinda wa Würzburg ku Germany, anatulukira cheza chimenechi pa 8 Novembala 1895. Patapita milungu isanu ndi umodzi anajambula dzanja la mkazi wake, Anna Bertha. Pachithunzicho mnofu unangooneka ngati utsi, mafupa anaoneka bwino, koma chimene chinaoneka kwambiri kuposa zonse ndi mphete ya pachala. Kuyambira pamenepo zinadziŵika kuti chitsulo chimatchinga cheza koposa fupa.

X-ray wamba imatulutsa chithunzi chimodzi chafulati, m'mene nthiti, mtima ndi mapapo zimasanjikizana. Mmodzi mwa anthu oyamba kuŵerengera masamu othetsera kusanjikizanaku anali Allan Cormack, mbadwa ya ku Johannesburg, amene anayamba kulingalira za nkhaniyi m'chaka cha 1956 pamene ankathandiza pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Ku England, Godfrey Hounsfield wa kampani ya EMI anapanga makina enieniwo payekha, ndipo wodwala woyamba anajambulidwa mutu pa 1 Okutobala 1971 pachipatala cha Atkinson Morley ku London. Aŵiriŵa analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1979. Pofika 1976, madokotala aŵiri a ku Cleveland m'dziko la America, John Haaga ndi Ralph Alfidi, anali atalengeza kale za kutsogolera singano ndi makina atsopanoŵa.

M'MENE CT IMAONERA

Mayi akafuna kudziŵa ngati chinangwa chaola m'kati, samangochiyang'ana kunja, amachidula mapisi ndi kuona chipisi chilichonse pachokha. CT imachita chimodzimodzi, koma popanda mpeni. Wodwala amagona pakabedi kamene kamaloŵa m'chibowo chachikulu chozungulira. M'kati mwa chibowocho muli nyali ya X-ray imene imathamanga mozungulira thupi, ndipo moyang'anizana nayo muli tizipangizo toŵerenga kuchuluka kwa cheza chimene chapyola. Cheza chimaloŵa kuchokera kumbali mazanamazana, ndipo kompyuta imasonkhanitsa maŵerengedwe onsewo ndi kujambula thupi ngati ladulidwa mapisi opyapyala.

Chinthu chilichonse m'thupi chimapatsidwa nambala monga mwa kulimba kwake, pamuyeso wotchedwa ndi dzina la Hounsfield. Madzi ali pa 0. Mpweya uli pa 1,000 kunsi kwa 0, ndipo umaoneka wakuda bii. Mafuta ali pafupi ndi 100 kunsi kwa 0. Chiŵindi chili pafupi ndi 60. Fupa lolimba limafika 1,000 ndi kupitirira, ndipo limaoneka loyera. Muyeso wa makina ambiri umathera pafupi ndi 3,000, koma chitsulo chimapitirira pamenepo kutalitali. Tsono chotupa chimene dokotala afunafuna chingasiyane ndi chiŵindi chabwino ndi manambala 20 kapena 30 okha. Kusiyana kochepa chotereku n'kumene kumamira msanga chitsulo chikakhala pafupi.

CHIFUKWA CHAKE CHITSULO CHIMAONONGA CHITHUNZI

Zifukwa zazikulu ndi ziŵiri. Choyamba, chitsulo chimameza pafupifupi cheza chonse chimene chachigunda, kotero kuti tizipangizo toŵerenga timene tili kuseri kwake sitilandira kanthu. Kompyuta imakhala ngati mlembi wa pamsika wa nsomba amene masamba ena a kaundula wake anyowa ndi kufufutika, koma akukakamizidwa kutulutsa chiŵerengero chonse. Imalemba manambala olakwa, ndipo kulakwako sikukhala pachitsulo pokha, kumafalikira mumzere wonse umene chezacho chinadzera.

Chachiŵiri, cheza cha X-ray n'chosakanikira, china champhamvu, china chofooka. Chitsulo chimagwira chofookacho ndi kulola champhamvu chokha kupyola. Champhamvucho chimadutsa mnofu wotsala mosavuta, ndipo kompyuta imanyengeka n'kuyesa kuti pamenepo mnofu ngwochepa. Zotsatira zake ndi mikwingwirima yakuda, makamaka pakati pa zitsulo ziŵiri zoyandikana. Pachithunzi, kapini kakang'ono kamaoneka ngati dzuŵa lotuluka ndi cheza chake, ndipo kangaphimbe malo aakulu kuposa iko komwe kambirimbiri. Wodwala akagwedezeka pojambulidwa, mizereyo imachuluka koposa.

SINGANO NAYO NDI CHITSULO

Ndolo ndi mapini zingachotsedwe, koma singano singachotsedwe, pakuti ndiyo ntchito yomwe. Ntchitoyo imayenda motere. Poyamba wodwala amajambulidwa singano isanaloŵe, ndipo dokotala amayesa pachithunzi malo oloŵera, kupendekeka kwake ndi kuya kwake. Akabaya mankhwala a dzanzi, amaloŵetsa singano pang'ono, naima, najambula. Akaona kuti ili panjira, amaikankhanso pang'ono, najambulanso, kufikira nsonga itafika pachotupa. Singanozi n'zoonda, zambiri kunenepa kwake ndi milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, koma n'zazitali, ndipo zina zimaposa masentimita 15.

Vuto lagona pautali pamenepo. Kuti singano ioneke yonse, dokotala amaigoneka m'chipisi chimodzi cha chithunzi. Cheza chimene chabwera mopingasa chimadutsa milimita imodzi yokha ya chitsulo, koma chimene chabwera motsata utali wa singano chiyenera kudutsa chitsulo chonsecho, ndipo sichipyola. Motero kutsogolo kwa nsonga kumagwa mzere wakuda, ndipo kutsogolo kwa nsongako n'kumene kuli chotupa. Chotupa chikakhala chachikulu ngati lalanje palibe nkhaŵa. Chikakhala chaching'ono ngati mtedza, mzerewo ungachiphimbe chonse pa nthaŵi yomwe dokotala afunitsitsa kuchiona.

Nsonga ikaphonya ndi mamilimita oŵerengeka, kanyama kotapidwako kamakhala ka mnofu wabwino wa pambali. Oyesa adzanena zoona kuti sanapezemo matenda, chonsecho matenda alipo, ndipo wodwala angabwerere kunyanja ali wokondwa pamene chotupa chikukula. Ndiponso pafupi ndi chotupa pamakhala mitsempha ya magazi, ndulu kapena matumbo, zimene singano siyenera kukhudza. Kubwereza kujambula nakonso kuli ndi mtengo wake, popeza cheza cha CT imodzi ya pachifuŵa chimaposa cha X-ray wamba maulendo makumi angapo.

ZIMENE AKATSWIRI AMACHITA

Njira yoyamba ndiyo kuchepetsa chitsulo chenichenicho. Singano zambiri za ntchitoyi zili paŵiri: kampope kabowo kunja, ndi kamtima kolimba m'kati kamene kamaboola njira. Dokotala akasolola kamtimako asanajambule, chitsulo chimachepa ndipo mzere wakuda umazilala. Pochita zimenezi pachifuŵa, amatseka kukamwa kwa kampopeko kuti mpweya usaloŵe. Amasankhanso singano yoonda monga m'mene ntchito ingalolere. Mtundu wa chitsulo nawo uli ndi kanthu, pakuti titaniyamu imasokoneza chithunzi pang'ono poyerekeza ndi chitsulo chosachita dzimbiri chimene singano zambiri zimapangidwa nacho.

Njira yachiŵiri ndiyo ya siginala uja, kuyang'ana chakumbali. Singano ikapendekeka pang'ono kuchoka m'chipisi cha chithunzi, kapena chibowo cha makina chikapendeketsedwa, cheza sichitsatanso utali wonse wa chitsulo, ndipo mthunzi umagwera pena, osati pachotupa. Ndiponso wodwala amagonekedwa chafufumimba, chagada kapena chammbali, kuti njira ya singano italikirane ndi chitsulo china chimene chili m'thupi.

Njira yachitatu ili m'makina. Wojambula angakweze mphamvu ya cheza, mwachitsanzo kuchoka pa makilovoti 120 kufika pa 140, kuti chochuluka chipyole chitsulo. Angapepule mapisi a chithunzi. Angasinthenso kaŵalidwe ka chithunzi pagalasi, monga munthu wochepetsa chingwe cha nyali, kuti kunyezimira kuchepe ndipo nsonga ioneke pamene yathera.

Njira yachinayi ili m'kompyuta. M'chaka cha 1987 Willi Kalender ndi anzake ku Germany anafotokoza njira yoti kompyuta izizindikira maŵerengedwe amene chitsulo chaononga, iziŵachotsa, ndi kudzaza mipatayo poyerekeza ndi maŵerengedwe abwino oyandikana nawo. Ndi monga msodzi wosoka khoka long'ambika, amene amatsata kukula kwa maso a m'mbali kuti aluke maso atsopano. Njirayi yakonzedwa kambiri kuyambira pamenepo, ndipo makampani opanga makina ali nayo m'maina osiyanasiyana: Siemens amaitcha iMAR, Philips amaitcha O-MAR, ndipo Canon amaitcha SEMAR. Makina ena atsopano amajambula ndi mphamvu ziŵiri za cheza nthaŵi imodzi, ndi kupanga chithunzi chonga chojambulidwa ndi cheza champhamvu chokhachokha. Komabe chigamba ndi chigamba. Kompyuta ingapange mithunzi ina yabodza, kapena kuonetsa singano ngati yaifupi kuposa m'mene iliri, n'chifukwa chake dokotala wosamala amayang'ana zithunzi zonse ziŵiri, chokonzedwa ndi chosakonzedwa.

Pamwamba pa zonsezi pali luso la munthu. Singano ili ndi timizere ta masentimita, ndipo dokotala amayerekeza kuya kumene waloŵetsa ndi kumene anayesa poyamba. Amaloŵeza zizindikiro za pafupi ndi chotupa, monga nthiti kapena mtsempha, monga m'mene msodzi amaloŵezera phiri ndi mtengo wa pamtunda kuti apeze pamene anatchera. Ngakhale mzere wakuda womwewo amaugwiritsa ntchito, pakuti ukaoneka kutsogolo kwa singano umatsimikiza kuti imeneyo ndiyo nsonga yeniyeni, si pakati pa singano ayi.

ZITSULO ZOBISIKA M'THUPI

Anthu ambiri masiku ano amayenda ndi chitsulo m'thupi. Ngozi za pamsewu wa M5, za njinga zamoto za kabaza ndi za m'minda ya nzimbe zasiya anthu ena ali ndi zitsulo zogwirizira mafupa a m'ntchafu, m'chiuno kapena pamsana. Ena ali ndi mano omatidwa ndi chitsulo. Amayi ena ali ndi lupu, imene ili ndi kawaya ka mkuwa. Msodzi angakhale ndi nsonga ya mbedza imene inathyokera m'dzanja zaka zapitazo, ndipo mlenje angakhale ndi kachipolopolo kamene sikanachotsedwe.

Zitsulo zotere siziletsa munthu kujambulidwa ndi CT, ndipo palibe chifukwa chozichotsera. Makinaŵa sazikoka, sazitenthetsa, ndipo lupu siisuntha. Chofunika n'chakuti dokotala adziŵiretu, kuti asankhe kagonedwe, njira ya singano ndi kachunidwe ka makina zisanayambe, m'malo modzidzimuka ndi mizere wodwala ali kale pabedi. Buku la kuchipatala, limodzi ndi zithunzi zakale ndi kalata ya opaleshoni, zimanena mtundu wa chitsulo ndi pamene chili. Buku lonyowa m'bwato kapena lotayika limatayitsa mbiri imeneyi, n'chifukwa chake liyenera kusungidwa m'pepala lapulasitiki.

Pali makina ena amene anthu amawasokoneza ndi CT chifukwa nawonso ali ndi chibowo. Dzina lake ndi MRI, ndipo oyamba m'dziko muno anaikidwa pachipatala cha Queen Elizabeth m'chaka cha 2008. Ameneŵa sagwiritsa ntchito X-ray koma maginito amphamvu kwambiri, amene amakoka chitsulo. Mu CT chitsulo chimangoononga chithunzi, koma mu MRI chingavulaze munthu. Wobisa chitsulo kumeneko amaika moyo wake pachiswe.

MIKANDA, ZITHUMWA NDI MANYAZI

Chitsulo chovutitsa kwambiri sindicho cha m'mafupa, koma cha m'zovala, chimene chikadachotsedwa m'kamphindi. Mayi wa paulendo amamanga makobidi pamfundo ya chitenje, amakoloŵeka kiyi wa nyumba ndi pini m'kati mwa bulauzi, ndipo foni amaisunga pachifuŵa. Kamisolo zina zili ndi waya ndi tingowe. Bambo ali ndi lamba, zipi, mabatani achitsulo, mwinanso mbedza zoiŵalika m'thumba la malaya. Palinso ndolo, chipini cha pamphuno, zibangili, mphete, korona ndi mendulo za m'khosi.

Ziŵiri zimene anthu satchula msanga ndizo mikanda ya m'chiuno ndi zithumwa. Mikanda ndi chinsinsi cha m'banja, ndipo mayi wolemekezeka sangaitchule wamba pamaso pa mwamuna wachilendo, makamaka mnyamata wa msinkhu wa mwana wake. Komatu mikanda yagalasi imaoneka pachithunzi, ndipo tizitsulo tolumikizira timatulutsa mizere pamalo pomwe pali chikhodzodzo, chiberekero ndi impso. Nacho chithumwa chosokeredwa m'kansalu chingakhale ndi kobidi kapena kachitsulo kamene mwini wake sanakaonepo. Munthu amachibisa poopa kudzudzulidwa.

Cholinga cha ojambula si kulanda kanthu kapena kuweruza chikhulupiriro cha munthu. Chimene afuna n'chakuti mbali ya thupi imene ikujambulidwa ikhale yopanda chotchinga kwa mphindi zoŵerengeka. Mayi angavule mikanda asananyamuke kunyumba, kapena m'chipinda chosinthira zovala, naipereka kwa womdwazika. Ali ndi ufulu wopempha kuti namwino wamkazi akhalepo. Nawonso ogwira ntchito m'chipatala ayenera kufunsa nkhani zotere mwaulemu, pambali, osati mokweza pamzere. Funso lofunsidwa monyoza limayankhidwa ndi bodza, ndipo bodzalo limadzaonekera pachithunzi.

ZOYENERA KUCHITA WODWALA

Wodwala amene watumizidwa kukajambulidwa ndi CT, makamaka ngati padzaloŵa singano, akumbukire izi:

1. Atenge buku la kuchipatala, kalata yomtumiza ndi zithunzi zonse zakale.

2. Avale zovala zopepuka zopanda zipi, waya kapena mabatani achitsulo, ndipo zokongoletsa thupi azisiye kunyumba.

3. Anene za opaleshoni iliyonse imene anachitidwapo, ndi chitsulo chilichonse chimene chili m'thupi, ngakhale chakalekale.

4. Atchule mankhwala onse amene akumwa, achizungu ndi achikuda omwe, makamaka asipirini ndi ena osungunula magazi, pakuti angachititse kuti magazi asaleke msanga.

5. Mayi woyembekezera, kapena woganiza kuti mwina ali ndi pakati, anene asanagone pabedi.

6. Atsate malangizo a kadyedwe amene wapatsidwa, ndipo anene ngati anadwalapo atabayidwa mankhwala oŵalitsa chithunzi.

7. Akauzidwa kukweza manja pamwamba pa mutu, atero, popeza mafupa a mikono nawo amaponya mizere pachiŵindi ndi m'mapapo.

8. Ngati sanamve bwino, afunse kuti amfotokozerenso m'chinenero chimene amamva, kaya Chicheŵa, Chitonga kapena Chiyao. Safunsa anadya phula.

Koposa zonse pali kudekha ndi kapumidwe. Munthu akapuma, chiŵindi ndi kunsi kwa mapapo zimakwera ndi kutsika masentimita angapo, ndipo chotupa chimayenda nazo. Dokotala akanena kuti mpweya ugwiridwe, pamafunika mpweya wofanana ulendo uliwonse, wosachuluka ndi wosachepa, kuti chotupa chibwerere pamalo pomwe chinayesedwa. Asodzi ozoloŵera kumira pokonza khoka savutika nazo, koma okalamba ndi odwala chifuŵa ayenera kuyeserera masiku angapo ulendo usanafike. Wofuna kutsokomola adziŵitse dokotala ndi chizindikiro chimene agwirizana, asadzidzimutse singano ili m'kati. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'chipinda cha CT mwambiwu umagwira dokotala ndi wodwala yemwe.

SINGANO ITATULUKA

Ntchito ikatha wodwala amagonekedwa maola angapo kuti aonedwe. Mwa anthu amene abayidwa singano m'phapo, pafupifupi mmodzi mwa anayi kapena asanu amakhala ndi kampweya kotulukira pakati pa phapo ndi nthiti. Kaŵirikaŵiri kampweyako kamatha kokha, koma mwa oŵerengeka kamachuluka ndipo pamafunika kampope kokatulutsira. Chotero si bwino kuthamangira basi ya ku Nkhotakota dokotala asanalole, ngakhale ndalama yogonera itachepa. Masiku oyamba wodwala asapalase bwato, asakoke khoka, asamire m'madzi, ndiponso asanyamule katundu wolemera. Akamva kubanika, kupweteka kwa pachifuŵa kapena m'mimba komakulirakulira, chizungulire, kutentha thupi, kapena akatsokomola magazi ambiri, apite msanga kuchipatala chapafupi, usiku kapena usana, ndipo anene kuti anabayidwa singano ndi tsiku lake.

Chomaliza ndicho kukatenga zotsatira. Odwala ena akaona kuti bala lapola amayesa kuti singano ija inali mankhwala, ndipo sabwereranso. Singanoyo inali funso chabe, yankho limatsala kulabotale. Wodwala asachoke asanadziŵe tsiku lobwerera, kapena njira imene zotsatira zidzafikire kuchipatala cha kwawo.

Alangizi a zaumoyo m'midzi, makomiti a zaumoyo, mafumu, atsogoleri a m'matchalitchi ndi m'mizikiti, anamkungwi ndi makomiti a m'madoko a nsomba angathandize kwambiri pofalitsa uthengawu. Mlangizi amene wamva kuti munthu wa m'dera lake watumizidwa ku Lilongwe amchezere asananyamuke, aone ngati buku lilipo, amkumbutse za zovala, ndi kuyeserera naye kagwiridwe ka mpweya. Anamkungwi ndiwo angathe kukamba za mikanda ndi amayi anzawo popanda wochita manyazi. Makina a CT ndi a mtengo wapatali ndipo odikira pamzere ngambiri. Munthu amene wafika atakonzeka amajambulidwa kamodzi, amalandira cheza chochepa, amapeza yankho loona la matenda ake, ndipo amasiyira mnzake wa pambuyo malo tsiku lomwelo.